Mafunso ndi Mayankho: Kodi Mfumu ya Progressive Rock Ndi Ndani?

Okonda nyimbo za progressive rock, zomwe eni ake amangozitchula kuti prog, ndi anthu aulemu wawo mpaka wina atafunsa kuti gulu loposa onse linali liti. Zikafika pamenepo ulemu umayamba wakhala pambali. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri mkanganowu ukabuka. Pomwe pali mbiri ndafotokoza mbiri, pomwe pafunika chigamulo ndagamula, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mupsa mtima musanafike pakati.

Tisanayambe kukangana, kodi prog ndi chiyani kwenikweni?

Ndi chamba cha rock chomwe chinamera ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 n'kufika pachimake pakati pa 1971 ndi 1977. Anyamata amene anachiyambitsa anali atatopa ndi nyimbo ya mphindi zitatu, ija ya ndime, kolasi, ndime, kolasi, basi yatha. Rock ya masiku amenewo inkayamwa kwambiri ku blues ya anthu akuda a ku America, koma iwowa anatembenukira ku zomwe anakula nazo: nyimbo za m'tchalitchi, nyimbo za akatswiri a ku Ulaya monga Bach ndi Stravinsky, komanso jazz. Chris Squire wa Yes anayambira m'kwaya ya tchalitchi ali mwana. Rick Wakeman, woimba makiyibodi wa gulu lomwelo, anaphunzirako ku Royal College of Music. Amene anayambitsa Genesis anakumana ku Charterhouse, sukulu yogonera komweko ya ana a anthu opeza bwino, ndipo nyimbo za mapemphero za pasukulupo zimamveka m'makiyibodi a Tony Banks.

Nyimbo zake zimatalika, zina mpaka kudzaza mbali yonse ya mbale ya LP, yomwe inkanyamula mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono. N'chifukwa chake nyimbo zikuluzikulu za chambachi zimathera cha pomwepo: "Close to the Edge" mphindi 18, "Tarkus" 20, "Supper's Ready" ndi "Echoes" cha m'ma 23. Kagundidwe kake nakonso n'kachilendo. Nyimbo zambiri zovina mumawerenga mpaka 4 n'kuyambiranso, koma mu "Money" ya Pink Floyd muwerenga mpaka 7, mu "Living in the Past" ya Jethro Tull mpaka 5, ndipo chigawo china cha "Supper's Ready" chimakufikitsani pa 9. Wofuna kuvina amasokonezeka miyendo.

Ndiye pali makiyibodi: ogani ya Hammond, Moog (kiyibodi yopanga mawu ndi magetsi), ndi Mellotron. Mellotron chinali chida cholemera chomwe kuseri kwa batani lililonse kunali tepi yojambulidwapo kulira kwa violin, chitoliro kapena kwaya, ndipo tepiyo inkalira masekondi pafupifupi 8 okha n'kutha. Chinkavuta pa maulendo, chinkasokonekera magetsi akangosinthasintha mphamvu, komabe kulira kwake kwachisoni kuja ndiko ambiri amakumbukira akamva dzina la prog.

Ndani anayambitsa?

Ofesa mbewu ndi ambiri, ndipo chaka chawo ndi 1967. A Beatles anatulutsa Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, a Moody Blues anatulutsa Days of Future Passed momwe munali orchestra ndi Mellotron, a Procol Harum anamveka paliponse ndi ogani yokumbutsa Bach, ndipo Keith Emerson anali atayamba kale kuzunza Hammond yake m'gulu la The Nice. Ku America Frank Zappa ankachita zakezake zosafanana ndi za wina aliyense.

Koma chimbale chomwe zidutswa zonsezi zinakumana koyamba n'kukhala chinthu chimodzi ndi In the Court of the Crimson King cha King Crimson, chomwe chinatuluka mu October 1969. Miyezi itatu m'mbuyomo, pa 5 July, gululi linaimba ku Hyde Park mu London patsogolo pa Rolling Stones, pamaso pa anthu osachepera 250,000, lisanatulutse chimbale n'chimodzi chomwe. Nyimbo yotsegulira chimbalecho, "21st Century Schizoid Man", ndi yaukali kuposa rock yambiri ya nthawiyo: saxophone ndi gitala zikuthamanga limodzi, kuima limodzi, kuyambanso limodzi osaphonyana. Ikangotha imeneyo pakubwera chitoliro chofatsa. Kusintha nkhope kotereku ndiko magulu ena onse anatengera. Chodabwitsa n'chakuti anthu amene anajambula chimbalechi sanathe chaka ali pamodzi. Ian McDonald ndi Michael Giles anachoka mu December 1969 ulendo wa ku America utatha, Greg Lake anatsatira mu 1970, woimba gitala Robert Fripp n'kutsala ndi dzina.

Bwanji osangoyang'ana amene anagulitsa zimbale zambiri, nkhani n'kutha?

Tikatero ndiye a Pink Floyd apambana tisanakhale n'komwe pansi. The Dark Side of the Moon cha mu 1973 akuti chinagulitsidwa makope oposa 45 miliyoni, ndipo chinakhala pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America masabata 741 kuchokera 1973 mpaka 1988. Onjezanipo Wish You Were Here cha 1975 ndi The Wall cha 1979, palibe wina angayandikire.

Vuto ndi lakuti mkanganowu uli ndi mafunso atatu omwe anthu amawaphatikiza ngati limodzi. Kugulitsa kwambiri ndi funso lina, kupanga nyimbo zapamwamba ndi lina, kusintha kaimbidwe ka oimba obwera pambuyo ndi linanso. Wina akamakuwa kuti Pink Floyd, mnzake kuti Yes, wachitatu kuti King Crimson, nthawi zambiri onse akunena zoona, kungoti aliyense akuyankha funso lake.

Ena amati Pink Floyd si prog n'komwe. N'zoona?

Onena zimenezi ali ndi mfundo zawo. David Gilmour amaimba gitala ya blues, yodekha, ya manotsi ochepa. Nick Mason sanali woimba ng'oma wodzionetsera luso. Gululi linayamba mu 1965 n'kutchuka ndi nyimbo za psychedelic pansi pa Syd Barrett, chambachi chisanakhale ndi dzina, ndipo mulibe mwa iwo kuthamanga kwa zala komwe mumamva kwa Yes kapena kwa Emerson.

Ine ndimati ndi prog ndithu. Gulu lomwe ladzaza mbali yonse ya mbale ndi "Echoes" mu 1971, lomwe lalumikiza nyimbo za chimbale chathunthu pa mutu umodzi wa misala, ndalama, nthawi ndi imfa, lomwe laika nyimbo zitatu zazitali pakati pa Animals mu 1977, mungalitchule chiyani? Luso lawo linali pa kumanga. Ankadziwa poika phokoso la wotchi, poika kugunda kwa mtima, ndi pomwe aliyense ayenera kukhala chete. Ndimakayikiranso kuti ena amawatulutsa m'khola chifukwa chakuti anakondedwa ndi anthu ambiri zedi, pomwe okonda prog ena amasangalala chinthu chikakhala chawochawo.

Yes kapena Genesis?

Apa ndiye pali Maule ndi Manoma a chambachi, ndipo munthu sasintha mbali atakula.

A Yes anali gulu la akatswiri asanu, aliyense wotha kutsogolera gulu lakelake. Besi ya Rickenbacker ya Chris Squire siinkabisala kumbuyo monga zinkachitira mabesi ena, inkalira patsogolo ngati gitala yotsogolera. Steve Howe ankasakaniza jazz, country ndi gitala ya ku Spain m'nyimbo imodzi. Bill Bruford ankamenya ng'oma pomwe simukuyembekezera. Pamwamba pa zonsezi panali mawu opyapyala a Jon Anderson, amene ankasankha mawu a nyimbo potsata kamvekedwe kake, tanthauzo n'kubwera pambuyo ngati labwera. M'miyezi yosakwana 24 anatulutsa The Yes Album, Fragile ndi Close to the Edge. Chomalizachi, cha mu 1972, chili ndi nyimbo zitatu zokha, ndipo ine ndimachiika pamwamba pa zimbale zonse za chambachi. Mphindi 18 za nyimbo yoyamba zilibe mafuta owonjezera: zomwe mwamva poyamba zili chipwirikiti zimabweranso kumapeto zitakhazikika, ndipo mumazindikira kuti zonse zinali m'malo mwake.

Kenako anapyola muyezo. Tales from Topographic Oceans cha 1973 ndi mbale ziwiri, nyimbo zinayi, iliyonse mbali yake. Chinafika pa nambala 1 ku UK, koma Wakeman chinamutopetsa moti iye mwini amasimba kuti tsiku lina ku Manchester anadya curry pa siteji anzake ali mkati moimba. Anachoka mu 1974.

A Genesis anali a mtundu wina. Mphamvu yawo inali pa kupeka nyimbo ndi kusimba nthano. Magitala a zingwe 12 olukanalukana, makodi a Banks osayembekezereka, ndi Peter Gabriel amene ankasandutsa nyimbo kukhala sewero. Ku Dublin mu 1972 anatulukira pa siteji atavala diresi yofiira ya mkazi wake ndi chigoba cha mutu wa nkhandwe, anzake osadziwa kalikonse. Steve Hackett ankagogoda zingwe ndi zala za manja onse awiri pa khosi la gitala zaka zingapo Eddie Van Halen asanatchukitse kaimbidwe kameneko. Kuchokera pa Nursery Cryme cha 1971, kudzera pa Foxtrot ndi Selling England by the Pound, kufika pa The Lamb Lies Down on Broadway cha 1974, palibe chimbale chofooka.

Chigamulo changa: a Yes anakwera pamwamba kuposa Genesis, koma kamodzi kapena kawiri. A Genesis anakhala pamwamba nthawi yaitali, ndipo nyimbo zawo zimapirira mukazivula zokongoletsa n'kuziimba pa piyano yokha. Zambiri za Yes sizingapirire mayeso amenewo. Bruford, amene anachoka ku Yes atangomaliza Close to the Edge n'kupita ku King Crimson, kenako n'kuthandiza Genesis pa ulendo wa 1976, ndi amene analawa miphika yonse itatu, ndipo komwe anabwererako mobwerezabwereza ndi ku King Crimson.

Kodi Phil Collins ndi amene anawononga Genesis?

Ayi. Collins analowa mu 1970 ngati woimba ng'oma, ndipo zimbale zonse zomwe otsutsa ake amazilambira muli ng'oma zake. Gabriel atachoka mu 1975, chimbale choyamba chomwe Collins anatsogolera, A Trick of the Tail cha 1976, ndi prog yeniyeni. Kusintha kunayamba kuoneka Hackett atachoka mu 1977, ndipo Banks ndi Mike Rutherford ankafuna nyimbo zazifupi chimodzimodzi. Gabriel naye anapita komweko: mu July 1986 "Invisible Touch" ya Genesis inali pa nambala 1 ku America, ndipo inachotsedwapo ndi "Sledgehammer" ya Gabriel.

N'chifukwa chiyani Emerson, Lake & Palmer amanyozedwa chonchi?

Paja ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Atatuwa anabwera mu 1970 ali otchuka kale, Emerson kuchokera ku The Nice, Lake ku King Crimson, Carl Palmer ku Atomic Rooster, ndipo sankadziwa mawu oti pang'ono. Emerson ankabaya mipeni pakati pa mabatani a Hammond kuti manotsi apitirize kulira. Ku California Jam mu 1974 anaimba piyano ikuzungulira m'malere iye ali pomwepo. Mu 1977 ananyamuka ulendo wa ku America ndi orchestra yathunthu, ndalama n'kuwathera panjira, orchestra ija n'kuibweza. John Peel wa pa wailesi ya BBC anawanena kuti ndi kuwononga luso ndi magetsi, ndipo mawu amenewo anawamatirira mpaka lero.

Komabe onyozawo amaiwala zina. Emerson ndi mmodzi mwa oyamba kunyamula Moog yaikulu, yomwe inapangidwira mu situdiyo, n'kukaimba nayo pamaso pa anthu. Achinyamata ambiri anamva dzina la Mussorgsky, wopeka nyimbo wa ku Russia, koyamba kudzera mu Pictures at an Exhibition cha 1971, ndi la Aaron Copland wa ku America kudzera mu "Fanfare for the Common Man", yomwe inafika pa nambala 2 ku UK mu 1977. Tarkus ndi Brain Salad Surgery ndi zimbale zolimba. Cholakwa chawo n'chakuti luso linkaposa nyimbo, ndipo mukamvera kachitatu mumayamba kusilira zala m'malo mokhudzidwa mtima. Emerson ndi Lake onse anamwalira mu 2016.

Nanga Jethro Tull?

Nkhani yawo ndi yoseketsa. Olemba nkhani atanena kuti Aqualung cha 1971 ndi chimbale cha mutu umodzi, Ian Anderson, mtsogoleri wa gululi, anakana, ndipo pofuna kuwaseka anapanga Thick as a Brick mu 1972: nyimbo imodzi ya mphindi zoposa 40, chikuto chake nyuzipepala yabodza, mawu ake ati analemba mwana wa zaka 8 amene kunalibe. Nthabwala ija inafika pa nambala 1 ku America n'kukhala chimodzi mwa zimbale zokondedwa kwambiri za chamba chomwe ankachisekacho. Gululi linayamba ndi blues n'kudzapita ku nyimbo za kumidzi ya ku Britain, choncho prog inali malo opumirapo pa ulendo wawo. Mu 1989 analandira mphoto ya Grammy ya hard rock ndi metal, kugonjetsa Metallica, zomwe okonda metal sanakhululukebe.

Kodi zonsezi zinali za Angelezi okha?

Likulu linali ku England, koma moto unafalikira. Ku Italy anthu anakonda Genesis ndi Van der Graaf Generator kwawo asanawalabadire, ndipo dzikolo linabala magulu akeake: Premiata Forneria Marconi, Banco del Mutuo Soccorso, Le Orme. Ku France Christian Vander anayambitsa Magma mu 1969 n'kupeka chilankhulo chake chatsopano choimbira. Ku Netherlands kunali Focus, ku America kunali Kansas. A ku Germany monga Can ndi Tangerine Dream anatenga njira yawoyawo moti ambiri amawawerengera padera.

Wamkulu mwa onse akunja ndi Rush ya ku Toronto. Caress of Steel cha 1975 chitalephera pamsika, kampani yawo inawapempha nyimbo zazifupi zoti ziziseweredwa pa wailesi. Iwo anayankha ndi 2112 mu 1976, chomwe mbali yake yoyamba ndi nyimbo imodzi ya mphindi 20, ndipo ndi chimenecho chinawapulumutsa. Anthu atatu okha, Geddy Lee akuimba besi, mawu ndi makiyibodi nthawi imodzi, Alex Lifeson pa gitala, Neil Peart pa ng'oma ndi cholembera. Moving Pictures cha 1981 chinaonetsa kuti kuwerenga mpaka 7 kungathe kulowa m'nyimbo ya mphindi zinayi wailesi n'kuilandira. Peart anamwalira mu January 2020. Kwa oimba ng'oma ndi besi a ku America, Rush ndiyo inali sukulu.

Chabwino, nanga gulu lomwe linasintha kwambiri oimba ena ndi liti?

King Crimson, ndipo apa sindikayika.

Yambani ndi anthu amene anadutsamo. Lake anakayambitsa Emerson, Lake & Palmer. McDonald anakayambitsa nawo Foreigner. Boz Burrell, amene Fripp anamuphunzitsa besi, anakakhala wa Bad Company. John Wetton anakatsogolera Asia. Peter Sinfield, wolemba mawu, ndiye anayang'anira kujambula kwa chimbale choyamba cha Roxy Music mu 1972. Fripp mwini anagwira ntchito ndi Brian Eno kuyambira 1972, ndipo gitala yolira motalika mu "Heroes" ya David Bowie ya 1977 ndi yake.

Koma chachikulu ndi khalidwe la Fripp lophwasula gulu likangoyamba kuzolowera. King Crimson ya 1969 ndi ya Mellotron ndi chitoliro. Ya Larks' Tongues in Aspic mu 1973 ndi ya violin, zitsulo zogogoda ndi nyimbo zopekera pa siteji pomwepo. Ya Red mu 1974 ndi anthu atatu olemera ngati gulu la metal, koma owerenga mosokoneza. Atatero Fripp anatseka gululo kwa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Linabweranso mu 1981 ndi Discipline, muli Adrian Belew ndi Tony Levin a ku America, magitala awiri akulukana manotsi mofanana ndi nyimbo za gamelan za ku Indonesia, Mellotron osamvekanso. M'zaka zake zomaliza, mpaka ulendo wotsiriza wa 2021, linkaika oimba ng'oma atatu kutsogolo kwa siteji, ena onse kumbuyo.

Nthawi iliyonse mwa zimenezi inabala ana akeake. Metal yovuta kuwerenga ija imachokera ku Red, ndipo a Tool anaitana King Crimson kuti ayende nawo mu 2001 ngati kupereka ulemu kwa aphunzitsi. Magulu a magitala olukana a m'ma 1990 amamveka Discipline. Kanye West anatenga chidutswa cha "21st Century Schizoid Man" n'kuchiika mu "Power" mu 2010.

Mbali inayo ili ndi zonena zake. Genesis inabala Marillion ndi magulu ena a ku Britain a m'ma 1980, ndipo Steve Harris wa Iron Maiden sabisa kuti anakula ndi Genesis ndi Jethro Tull. Rush ndi Yes zinabala Dream Theater, yomwe inayambira ku sukulu ya nyimbo ya Berklee ku America mu 1985. Pink Floyd inaphunzitsa dziko lonse mmene chionetsero cha m'bwalo lalikulu chimakonzedwera, ndipo imamveka mwa Porcupine Tree komanso mwa Radiohead, ngakhale a Radiohead sakonda kutchedwa a prog. Kusiyana kwake n'kwakuti otengera Genesis amamveka ngati Genesis, otengera Yes ngati Yes, pomwe ophunzira kwa King Crimson safanana ngakhale okhaokha. Chomwe anatengako ndi kulimba mtima kosiya zomwe zakuyendera bwino.

Kodi punk ndi imene inapha prog?

Umu ndi mmene nkhaniyi imasimbidwira, koma manambala akukana. M'chaka cha 1977, punk (rock yaukali ya nyimbo zazifupi zosavuta kuimba) ili pachimake, Going for the One cha Yes chinafika pa nambala 1 ku UK, Animals cha Pink Floyd pa nambala 2. Kumapeto kwa 1979 nyimbo yomwe inali pamwamba ku UK pa Khirisimasi inali ya Pink Floyd. Chomwe punk inapha ndi ulemu wa prog m'manyuzipepala a nyimbo. Magulu eni ake anali atatopa kale: King Crimson inatseka mu 1974, Gabriel anachoka mu 1975, ndipo Love Beach cha Emerson, Lake & Palmer cha 1978 chinajambulidwa pongokwaniritsa mgwirizano ndi kampani.

Ngakhale udani womwewo unali wokokomeza. Johnny Rotten wa gulu la punk la Sex Pistols anatchuka ndi malaya olembedwa kuti amadana ndi Pink Floyd, koma ataitanidwa ku Capital Radio mu 1977 kuti asankhe nyimbo zomwe amakonda, anaikamo za Peter Hammill wa Van der Graaf Generator ndi za Can. Otsalawo anangosintha zovala. Asia inagulitsa kwambiri mu 1982, ndipo Yes inafika pa nambala 1 ku America ndi "Owner of a Lonely Heart" kumayambiriro kwa 1984.

Kodi pali chilichonse chokhudza Africa m'nkhaniyi?

Chilipo, kuposa mmene ambiri amaganizira. Amene anadzutsa Yes m'ma 1980 ndi Trevor Rabin, mbadwa ya ku Johannesburg, amene anatchuka koyamba kwawo ndi gulu la Rabbitt. Manfred Mann nayenso anabadwira ku Johannesburg. Mongezi Feza, woimba lipenga wa ku South Africa amene anathawira ku Ulaya nthawi ya tsankho, amamveka mu Rock Bottom cha Robert Wyatt cha 1974. Wojambula zithunzi Roger Dean, asanajambule zikuto za Yes, anali atajambula kale njovu zouluka pa zimbale za Osibisa, gulu la oimba a ku Ghana, Nigeria ndi ku Caribbean lomwe linkakhala ku London.

Mu 1980 boma la tsankho la South Africa linaletsa "Another Brick in the Wall" ya Pink Floyd ana a sukulu atayamba kuiimba ponyanyala maphunziro atsankho. Chaka chomwecho Gabriel anatulutsa "Biko", yokumbukira Steve Biko amene anafera m'manja mwa apolisi mu 1977. Mu 1982 Gabriel anayambitsa nawo chikondwerero cha nyimbo za maiko osiyanasiyana chotchedwa WOMAD, komwe kunaimbanso oimba ng'oma a ku Burundi. Chikondwerero choyambacho chinamusiya m'ngongole zoopsa, ndipo anzake a Genesis anagwirizana naye kuimba limodzi usiku umodzi ku Milton Keynes kuti abweze ngongolezo.

Ena amafunsa za Zamrock ya ku Zambia, ya WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi amene ankaimbanso m'Chinyanja. Inakula m'zaka zomwezo, koma inkamwa pa chitsime china: Jimi Hendrix, Rolling Stones, Black Sabbath, James Brown ndi ng'oma za kwawo. Ndi msuweni wa prog, ndipo kuikakamiza dzina la eni ake n'kuichepetsa.

Kodi Rock and Roll Hall of Fame ingatithandize kugamula?

Mndandanda wa ku America umenewu, wolemekeza oimba rock otchuka, ungatithandize pang'ono zedi. Pink Floyd inalowa mu 1996, Genesis mu 2010, Rush mu 2013, Yes mu 2017 Chris Squire atamwalira kale, moti pa mwambowo besi ya "Roundabout" anaimba Geddy Lee. Moody Blues inalowa mu 2018. Pofika 2025, King Crimson, Jethro Tull ndi Emerson, Lake & Palmer anali adakali panja. Mndandanda womwe mulibe King Crimson ukukuuzani za okonza mndandandawo.

Ndi magulu ati amene amaiwalika pa mkanganowu?

Woyamba ndi Gentle Giant ya abale a Shulman. Anthuwa ankasinthana zida pa siteji ndipo ankaimba mawu olowererana ngati kwaya yakale. Octopus cha 1972 chili ndi nzeru zambiri m'nyimbo za mphindi zinayi kuposa mbali zathunthu za magulu ena. Van der Graaf Generator, ya ogani ndi saxophone popanda kudalira gitala, ndi yamdima kuposa onse, ndipo Pawn Hearts cha 1971 sichimvereka mukuchita zina. Camel inali yofatsa, The Snow Goose cha 1975 chilibe mawu oimbidwa. Ku Canterbury kunali Soft Machine ndi Caravan, oyandikira jazz komanso okonda nthabwala. Mike Oldfield anajambula Tubular Bells pafupifupi yekha asanakwanitse zaka 20, ndipo chimbale chimenecho cha 1973 ndicho chinaimika kampani ya Virgin.

Amayi anali ochepa m'chambachi, ndipo n'chilema chake chenicheni. Annie Haslam wa Renaissance ndi Sonja Kristina wa Curved Air ndi amene anatsogolera magulu. Kate Bush, amene Gilmour anamuthandiza kupeza kampani ali mtsikana, anatenga zabwino za prog n'kusiya kudzitama kwake.

Ndine watsopano. Ndiyambire pati?

Yambani ndi The Dark Side of the Moon, chifukwa sichifuna kuti muzolowere kaye. Mukatero pitani ku Selling England by the Pound, kenako Fragile, ndipo khutu likakhwima mutenge Close to the Edge. Wokonda magitala olemera angayambire ku Moving Pictures n'kudumphira ku Red. King Crimson musaiyambire pakati: imvani cha 1969, kenako Red, kenako Discipline, motsatana choncho, kuti mumve nokha kuti dzina limodzi labisa magulu atatu.

Tales from Topographic Oceans, The Lamb Lies Down on Broadway ndi Pawn Hearts zisungeni kaye, zathamangitsa ambiri amene anaziyamba msanga. Mverani chimbale chathunthu motsata ndondomeko yake, osati nyimbo zosakanizidwa ndi foni, chifukwa zambiri zinapangidwa kuti ina izilowa mwa inzake. Ngati mwapeza makope olembedwa kuti anasakanizidwanso ndi Steven Wilson wa Porcupine Tree, amene wakonzanso zimbale zambiri za King Crimson, Yes, Jethro Tull ndi Gentle Giant, tengani amenewo: besi ndi ng'oma zimamveka bwino ngakhale pa mahedifoni otchipa.